Zakuda Zili M'jumbo

Patatha chaka ndi miyezi isanu a Philip atamwalira, mkazi wawo Iness anali akadali m'zakuda. Diresi lakuda, chitenje chakuda, duku lakuda. Komatu kuzitchula kuti zakuda n'kungozilemekeza, chifukwa dzuwa la ku Bua ndi matope a m'munda wa mpunga zinali zitazisulukitsa mpaka kufanana ndi phulusa. Ana amene anaphunzira kulankhula chaka chimenecho sankadziwa n'komwe kuti mayiyu ali ndi dzina. Akadutsa ankangoti, "Amayi a zakuda aja apita uko."

Mwambo wake ngodziwika. Mkazi wamasiye savula yekha zakuda. Chaka chikakwana, akuchimuna amabwera, amayi a kumpingo amaimba nyimbo ziwiri zitatu, kenaka mlamu wake wamkazi amamuvula zamalirozo, kumuveka zatsopano ndi manja ake, n'kunyamula zakalezo kupita nazo. Zikatero munthu wamasulidwa. Koma akangovula yekha, basi waika nkhani m'kamwa mwa anthu. Ena ati wapeza mwamuna wakuseri, ena ati imfa ya malemu akuidziwa bwino.

Woyenera kumuvula Iness anali a Muriel, mlongo wawo wamkulu wa a Philip, amene ankakhala ku Boma kufupi ndi mishoni. Chaka chitakwana mu Meyi, a Muriel anati tiyambe takolola. Atakolola anati mwendo wawo watupa. Mwendo utaphwa anati ansembe ali ku msonkhano. Kenaka anangoyamba kuti akaimbiridwa foni, amafunsa za mpunga, za nkhuku, za denga ngati likudonthabe, n'kutsanzika nkhani ija isanafike pakamwa.

Iness sanali munthu wodandaula, koma anali wosungulumwa, ndipo zovalazo zinkamutchingira ngati mpanda. Akafika pamjigo amayi ali mkati moseka, kuseka kunkazima. Ku ukwati ankamukhazika pamodzi ndi nkhalamba, anzake akuvina pelekanipelekani. Mwana analibe. Madzulo aliwonse ankakoloweka diresi lija pamsomali wa kuseri kwa chitseko, m'mawa n'kulivalanso, ndipo tsiku lathunthu linkatha popanda womutchula dzina.

M'sutikesi munali nsalu. Yachikasu, yamasamba obiriwira ndi timbalame tofiira. A Philip anali mphunzitsi, ndipo chaka chilichonse ankakweza ana asukulu palole kupita nawo ku Boma kukaona zakale. Pobwerako ankamufotokozera Iness zonse ngati nayenso alemba mayeso. Iness ku Boma ankapitako ndithu, koma kuchipatala, kapena kukagulitsa mpunga, thumba pamutu maso pansi. Ndiye tsiku lina bamboyo anabwera ndi nsaluyo n'kuiyala pabedi.

"Amayi, mukasoketse chilundu," anatero. "Okutobala akafika ndikakuyendetsani ngati mlendo. Mukaone Nkhotakota mutaimika khosi."

Okutobala uja anafika a Philip ali m'manda. Tsopano kunabwera Okutobala wachiwiri, wotentha moti ngakhale abuluzi ankathawira pansi pa nkhokwe, ndipo Iness anatopa nako kudikira. Anakulunga nsalu ija m'chitenje n'kupita nayo kwa a Ramadhani, telala wa pakhonde la golosale.

"Ndi ya mng'ono wanga wa ku Dwangwa," anatero maso ali kumbali. "Thupi lake ndi langa lomweli. Mungondiyeza ine."

A Ramadhani anamuyeza mapewa, chiuno, mikono, uku akulemba ndi choko pathabwa la makina. "Mashallah," anatero, "mng'ono wanuyo Mulungu anamuumbira m'chikombole chimodzi ndi inu. Nanga manja awa amakonda otukumuka kapena ogwira?"

"Otukumuka," anayankha Iness mofulumira kwambiri.

"Ndinaona kuti atero. Musade nkhawa mayi, makina angawa amasokosa okha. Ine pakamwa ndinasoka kale."

Loweruka m'mawa Iness anakwera minibasi ya ku Boma ali m'zakuda zake, jumbo yaikulu ili pamiyendo. Anaganiza zonse. Akavalira kumene anthu sakumudziwa, ayende tsiku limodzi lokha, aone zimene analonjezedwa, n'kuvalanso zakuda asanakwere yobwerera. Ngati wina wa ku Bua amuona, kapena wa kwa a Muriel, ndiye kuti mbiri yake yathera pomwepo. Izi ankazidziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake njira yonse anagwira jumboyo ndi manja awiri ngati muli mazira.

Anasinthira m'chimbudzi cholipira cha padepoti. Si malo otchenerapo amenewo. Anaima ndi mwendo umodzi, jumbo ataluma ndi mano kuti isagunde pansi, thukuta likutsika mumsana. Bulauzi inalowa bwino, siketi inagwira m'chiuno ngati anabadwa nayo. Anavala ndolo, mabowo a m'makutu atatsala pang'ono kutsekeka, mpaka misozi inalengeza. Anavala nsapato za gogoda zimene anavala komaliza pa ukwati wa msuweni wake. Vuto linali duku. Kale Iness ankadziwika nako kumanga duku loimirira, lokhala ndi makutu awiri pamwamba, koma miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri yongomanga kamfundo kumbuyo inali itaiwalitsa zala. Kalilole munalibe. Anamanga, kumasula, kumanganso, mpaka wina anagogoda chitseko n'kufunsa ngati m'katimo muli wodwala. Atatuluka anadziyang'ana pagalasi la minibasi. Duku linapendekera kumanzere. Analisiya choncho.

"Madamu! Kabaza, madamu!"

Iness anatembenuka kuti aone madamuwo. Anali iyeyo.

"Anti a ku Lilongwe, tiyeni kuno, njinga ya khushoni!" anakuwa wina.

Kwa nthawi yoyamba m'chaka ndi miyezi isanu, munthu anamulankhula osayamba ndi pepani. Anakana kabaza ndi dzanja monga amachitira anthu ozolowera, naimika khosi, n'kuyamba kuyenda.

Ndipo Boma linalidi lina ukaliona utaimika khosi. Masitolo opakidwa ofiira, obiriwira, achikasu. Zitenje zopachikidwa m'makonde zikuuluzika ndi kamphepo kotentha. Milu ya tomato ndi mango oyamba kupsa. Amadala a mikanjo yoyera atakhala pamthunzi pafupi ndi mzikiti. Amayi a mahijabu apinki ndi abuluu akudutsana ndi njinga zonyamula matumba a makala. Fungo la mpunga wamafuta ndi chambo chokazinga linkatuluka m'malesitilanti. Mumsika mayi wina wogulitsa zitenje anamugwira dzanja la bulauzi n'kulitembenuza kuti aone msoko.

"Asisi, mwatchenatu! Anasoka ndani ameneyu?"

Iness anaseka, ndipo mosaganiza anatembenukira kudzanja lamanja, kumene a Philip ankayenda, kuti anene kuti, mwamva? Kumanjako kunali bambo wachilendo wonyamula nkhuku. Kusekako kunathera m'khosi. Anathokoza mayi uja n'kupitirira.

Kuchokera pamenepo anazindikira kuti kuona malo ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amaloza, wina n'kuti eedi. Ukakhala wekha umangoima, kuyang'ana, n'kuchokapo msanga kuopa kuti anthu angayese wasochera.

Anatsetsereka msewu wa kunyanja dzuwa lili paliwombo. Walira mvula walira matope: gogoda uja anayamba kumudya chidendene asanafike n'komwe theka la njira. Pamchenga nsapato zinkamira, atazivula mchenga unamuotcha mapazi, ndipo madamu a ku Lilongwe anathamanga modumphadumpha mpaka pamthunzi wa bwato lina logadabuzidwa. Nyanja inali mbee, yothobwa m'maso. Asodzi ankasoka maukonde, amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, aliyense ali ndi wolankhula naye. Apa mpamene a Philip ankati ngalawa zamatanga zinkakocheza kalekale. Iness anayang'ana madziwo nayesa kukumbukira mawu awo enieni, koma anangokumbukira mmene ankakwezera chala akafika pachimake pa nkhani.

Pafupi panali mayi wina wachikulire wogulitsa mango m'beseni. Iness anagula awiri, kenaka anatulutsa foni.

"Amayi, mungandijambuleko? Mungodina apa."

"Ine zimenezi sindinazizolowere mwananga, koma bweretsani."

Iness anavalanso nsapato, anakankhira jumbo kuseri kwa bwato kuti isaoneke, naima chammbali dzanja lili m'chiuno. Mayiyo anadina katatu, lilime lili panja. Zithunzi zonse zitatu zinatuluka bwino kwambiri: chikasu chikuwala, timbalame tikuoneka, nyanja kumbuyo. Mutu wokha ndiwo munalibe. Anamudula m'khosi.

"Zatuluka?" anafunsa mayiyo.

"Zatuluka bwino, amayi. Zikomo."

Anakhala pamthunzi n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mwina n'chabwino chomwecho, anaganiza, palibe angadziwe kuti ndi ndani. Kenaka anatsegula mayina a m'foni kuti aone woti amutumizire. Anatsika nawo mpaka pansi, n'kukweranso. Aliyense amene akanasangalala nacho akanauzanso wina. Nambala ya a Philip inali ikadalipo. Anazimitsa foni n'kudya mango ake onse awiri, atawerama kuti madzi asadonthere pabulauzi.

Panatsala malo amodzi, amene a Philip ankawakonda kuposa onse: mkuyu waukulu wa kumishoni, umene amati pansi pake Livingstone anakambiranapo ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ija. Kumishoni n'kumene kunali kwa a Muriel. Iness anadziuza kuti dzuwa limeneli palibe angatuluke m'nyumba, ndipo ndi mwendo wotupatupa uja alamu akewo ali gone pamphasa. Ankadzinamiza. Mkazi aliyense wa mpingo amadziwa kuti Loweruka masana amayi amasesa m'tchalitchi. Kaya ndi mapazi anamutengera kumeneko, kaya ndi mtima umene unatopa ndi kubisala, iye mwini sakanatha kunena.

Mtengowo anaupeza. Unali waukuludi, wamthunzi wozizira, ndipo unali mtengo basi. Anauzungulira kamodzi akutsimphina, n'kukhala pamuzu, navula nsapato. Chidendene chinali chitatuluka thuza n'kuphulika. Wodutsa akanaona mayi wotchena akupuma mwaulemu, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iness ankafuna kulira ndipo analibe ngakhale kampango kopukutira, koma zakuda za m'jumbo zija.

"Takulandirani, mayi. Ndinu alendo kuno?"

Mawuwo anawadziwa asanadzutse mutu. A Muriel anaima poteropo, tsache lili m'manja, chitenje chamaluwa m'chiuno. Kumbuyo kwawo, chapatali, amayi ena awiri ankakung'untha mikeka. Iness anadzutsa nkhope pang'onopang'ono. Koma a Muriel sankayang'ana nkhope. Maso awo anali pa timbalame tofiira tija.

"Nsalu iyi," anatero motsitsa. Kenaka anakweza maso. "Alamu?"

Iness anatsetsereka pamuzu n'kugwada, monga ankachitira masiku onse. "Ndine, alamu. Zakuda zili m'jumbomu. Ndimati ndikavalanso padepoti. Palibe wandiona."

A Muriel anakhala pansi mwadzidzidzi. Anatambasula dzanja n'kugwira mpendero wa siketi, kuupekesa ndi zala.

"Nsalu iyi ndinasankha ndine," anatero. "Philip anabwera kunyumba kuti, achemwali, tiyeni mukandithandize. Iye amafuna kukugulirani ina yakhofi, yonga yunifolomu ya alonda. Ndinamuuza kuti mkazi wako ngwoyera mtima, mugulire yowala." Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Anali ndi nzeru za m'mabuku zokha munthu uja. Maso a nsalu analibe."

Iness anali atakonzekera kukalipiridwa. Kufatsa kumeneku ndiko kunamutsegula pakamwa.

"Nanga bwanji simunabwere, alamu? Mpunga tinakolola. Mwendo ndi uwu mukuyendera. Ansembe anabwerako kalekale. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Simunalakwe."

"Nanga n'chiyani?"

A Muriel anayang'ana tsache lawo. "Kwathu tinabadwa asanu. Ndatsala ndekha. Ndikaganiza kuti ku Bua kuli munthu wavala zakuda chifukwa cha Philip, ndimati bola tilipo awiri, maliro sanathe. Koma ndikakuvulani, basi. Mwana simunasiyirane. Mudzapita kwina, mudzakhala mlamu wa anthu ena, ndipo Philip adzatsala m'mutu mwa nkhalamba imodzi. Tsiku lililonse ndimati sabata yamawa. Sabata ikafika, mtima umakana."

Iness anawamvera chisoni, koma chisonicho sichinazimitse mkwiyo wa miyezi isanu.

"Inu mwavala zamaluwa, alamu," anatero. "Dzuwa limaotcha ine. Pamjigo amathawa ine. Mwakhala mukulirira mlongo wanu pathupi panga."

Iness anali asanayankhulepo chomwecho kwa munthu wamkulu chibadwire, ndipo atangotero anagwira pakamwa. Amayi awiri aja anasiya mikeka n'kuyamba kusuzumira. Kenaka a Muriel anadzuka, kudzikoka ndi tsache, n'kuima kumbuyo kwa Iness.

"Duku limeneli mwamanga ngati mukuthawa moto," anatero. "Khalani bwino."

Analimasula. Mphepo inamufika Iness m'tsitsi. A Muriel anakung'untha nsaluyo, kuipinda patatu pabondo, n'kuizunguliza pamutu pake, kukoka mwamphamvu mpaka khungu la pachipumi linakungika. Zala zawo zinali zouma ndi zofunda, ndipo Iness anazindikira kuti chiikireni maliro palibe munthu anamugwirapo kumutu. Anatseka maso. Anamva mfundo ikumangidwa, makutu awiri akuimikidwa pamwamba, ndi dontho limodzi lotentha likugwera pakhosi pake.

"Amayi, tabwerani kuno!" anaitana a Muriel. "Bwerani muone ndi maso anu, mukauze ena. Uyu ndi mkazi wa malemu mlongo wanga. Ndamuvula ndine, ndamuveka ndine, lero, pano."

Amayi aja anabwera akupukuta manja m'zitenje. Anayang'anizana, poti mwambo wa pansi pa mtengo, wopanda mphasa ngakhale tiyi, anali asanauonepo. Komabe mmodzi anayambitsa nyimbo, mnzake n'kulandira, ndipo anaimba ndime imodzi yokha chifukwa yachiwiri anaiwala. A Muriel anawerama n'kutola jumbo ija. Anasuzumiramo, naona mmene zovalazo zinasulukira, ndipo anaimanga msanga n'kuipanira m'khwapa.

"Amayi a mpingo wa ku Bua ndiwaimbira musanafike," anatero. "Asakufunseni kanthu."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, wina akutsimphina ndi chidendene, wina ndi bondo. Iness anapempha kuti adzabwere ku Bua kudzatenga mpunga, iwo anati adzabwera, ndipo onse awiri anamva mmene mawuwo analiri opepuka. Kabaza ataima, a Muriel anamugwira dzanja.

"Muyende bwino, Iness."

Zaka khumi ndi zitatu akhala akumuitana kuti alamu. Dzina lake linamveka lokoma m'kamwa mwawo, ndipo linamubaya.

Anatsika minibasi ku Bua dzuwa likadali lamphamvu. A Ramadhani anadzutsa mutu pamakina, nayang'ana manja otukumuka aja, n'kufunsa mwaulemu ngati mng'ono uja ali bwino ku Dwangwa. Pamjigo foni inali itafika kale. Mayi wina analuluta, ena anamuzungulira kugwira nsalu, ndipo kamwana kena kanafunsa amake kuti alendowa ndi a kwa yani. Iness anaseka nawo, anayankha mafunso, n'kupitirira kwawo nsapato zili m'manja.

Anatsegula chitseko. M'nyumba munali momwe anamusiyira m'mawa, kapu imodzi patebulo. Kuseri kwa chitseko msomali uja unali wopanda kanthu. Anafika nalo dzanja kumutu kuti amasule duku, koma analeka, podziwa kuti akalimasula sangathe kulimanganso chomwecho yekha. Anakoka mpando wa a Philip n'kukhala ali chitchenere, manja pamiyendo, khosi ataimika, kuyang'ana pakhomo. Anali ataona msika, nyanja ndi mkuyu, zonse monga analonjezedwa, ndipo nkhani yake inali yokonzeka pakamwa. Anakhala pomwepo nthawi yaitali, ngakhale ankadziwa kuti palibe amene alowe kudzafunsa kuti mwayendako bwanji.